Zenera Loyang'ana Kalasi Yachinayi

14 Januwale

Mwana wanga mzime,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino. Kodi chifuwa chija chinatha? Ukudya? Sunandiuze ngati chitseko cha chipinda chako anachikonza, ndipo ine ndikaganiza za chitseko chimenecho mtima sukhala m'malo. Kuno tadzuka tonse, kungoti mwendo wanga uja umandikumbutsa kuti ulipo.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ndi ya abambo ako, ndipo nyumba ino ukuidziwa: ukatsokomola kukhitchini, wa kuchipinda amati pepani. Zimene ndikufuna kukuuza si zoti amve. Usaseke malembo anga, ukudziwa pamene ndinalekezera sukulu.

Mlongo wako wabwera ndi nkhani kuchokera ku maphunziro a mahedi aja. Akuti kuyambira teremu ino ana asamakhalenso m'mizere kuyang'ana bolodi. Madesiki aziyang'anizana, ana azikhala m'magulu n'kumakambirana okha, mphunzitsi azingoyendera n'kumafunsa. Zoyankha onse pamodzi akuti zithe. Iye monga hedi anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi, ndipo onse anaomba m'manja. Abambo ako sanaombe. Akuti anangofunsa kuti, "Ahedi, ndiye ana akamaphunzitsana okha, ife tizibwera kudzatani? Kudzawerenga malata?" Anthu anaseka. Mlongo wako sanaseke.

Lolemba anakonza yekha madesiki a kalasi yachinayi abambo ako asanafike. Iwo atalowa anauza ana kuti awabwezere m'mizere. Lachiwiri chimodzimodzi. Ine pa zenera la kukhitchini m'mawa uliwonse ndimangomva gwee, gwee, madesiki akukokedwa, kenako mawu aja uwadziwa: "Bwerezani!" Si paja aliyense amawatchula a Bwerezani, ngakhale anthu amene lero ali ndi ndevu zawo.

Chimene chikundidya n'chakuti alangizi a zamaphunziro abwera kumapeto kwa teremu. Mlongo wako anandiuza tili pampopi kuti mphunzitsi amene akukana, iye ayenera kupereka dzina lake, ndipo akhoza kumuchotsa m'kalasi. Abambo ako atsala pang'ono kupuma pantchito. Awachotse mwana wawo yemwe? Ine ndidzayang'ana kuti?

Uwalembere onse awiri, koma usanene kuti ndakuuza ndine.

Ndine mayi ako.


2 Febuluwale

Amayi okondedwa,

Moni kuchokera kuno. Chifuwa chinatha, ndikudya, chitseko anakonza. Ndayankha mafunso onse atatu, tsopano pumani.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuntchito mpaka mnzanga wa pakauntala anafunsa chimene ndikuseka. Amayi, inu mvula ikagwa bwino mumayamba kudandaula kuti nanga ikadzasiya. Nkhani ya madesiki nayonso ikusowetseni mtendere? Kuno abwana anatichotsera mabuku a malisiti n'kutiikira makina. Sabata yoyamba tonse tinalumbira kuti tisiya ntchito. Lero magetsi akazima timangoyang'anana, palibe amene akukumbukira kulemba pamanja. Abambo nawonso azolowera.

Komanso Achemwali ndi Abambo ndi mutu umodzi, kuuma kwake n'komweko. Asiyeni agundane, atopa okha. Ine kulowererapo ayi. Mwaiwala tsiku lija ndinayesa kuwayanjanitsa pa nkhani ya wailesi, onse awiri n'kunditembenukira ine?

Mundiuze ngati mtengo wa mandimu uja wabereka. Ndibwera pa tchuthi abwana akalola. Moni kwa a Bwerezani, muwauze kuti tebulo la naini ndimalilotabe.

Mwana wanu.


5 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Yankho lako sindinalandire, kaya uli bwino, kaya kalata yanga inasochera. Ndikulembanso chifukwa kwachitika chinthu, ndipo chadzera pakamwa panga.

Poyamba ndinene kuti mlongo wako wayesetsa. Anatumiza mphunzitsi wina watsopano wa magalasi kuti aziphunzitsa limodzi ndi abambo ako. Iwo anamupatsa mpando, n'kumupatsa bokosi la choko kuti azigwirizira. Kenako mlongo wako mwiniwakeyo anakakhala kumbuyo kwa kalasi tsiku lonse. Abambo ako anauza ana, "Imirirani, mupereke moni kwa Ahedi," basi n'kuphunzitsa ngati kumbuyoko kulibe munthu.

Aphunzitsi enawo ndi ochenjera. Mkazi wa mphunzitsi wa kalasi yachisanu anandinong'oneza kuti iwo madesiki amawasiya m'magulu, koma ana amawauza kuti apotoze makosi ayang'ane bolodi, nkhani yatha. Abambo ako akuti bodza limenelo sangachite. Anzawowo akakumana nawo panjira amati, "Limbikani akulu, mukutiyankhulira tonse," koma pamsonkhano amayang'ana nsapato zawo.

Ndiye Lamlungu mlongo wako anabwera kudzadya nafe monga mwa nthawi zonse. Tinadya bwino mpaka pakati. Iye anati, "Abambo, ana a kumbuyo aja sadziwa kanthu. Amangotsegula pakamwa limodzi ndi anzawo."

Abambo ako anati, "Kunyumba kuno mwabwera ngati mwana kapena ngati Ahedi? Tidziwe, tikavale tayi."

Ine ndinafuna kuthandiza. Ndinati, "Iwe, usanyoze ntchito ya abambo ako. Ine amene ndinalekera panjira matebulo onse ndimawadziwa, ndipo ndinaphunzirira pa zenera ili ndikutsuka mbale."

Abambo ako anamwetulira. "Mwamvatu, Ahedi?"

Mlongo wako anatembenukira kwa ine. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Amayi, seveni kuchulukitsa ndi sikisi?"

Ndinayamba, "Seveni wani seveni, seveni thuu fotini…"

"Ayi Amayi, osayambira kumutu. Yankho lokha."

Mwana wanga, m'mutu munali mbee. Nyimboyo ndili nayo, koma ukaidula pakati imathawa. Ndinayambanso chamumtima, milomo ikugwedera, onse awiri akundiyang'ana. Nditatsala pang'ono kufika, iye anati, "Nanga sikisi kuchulukitsa ndi seveni?" Ndinati limenelo ndi tebulo lina, andipatse nthawi.

Abambo ako anaika supuni pansi. Sanakalipe. Anadzuka n'kukakhala pakhonde. Mlongo wako anandithandiza kuchotsa mbale, ndipo anati, "Pepani Amayi, sindimafuna kuti zidzere pa inu." Potuluka anati, "Tsalani bwino, Abambo." Iwo anati, "Pitani bwino, Ahedi," ndipo ulendo uno sikunali kuseka.

Kodi ndikanangokhala chete? Undiyankhe msanga.

Mayi ako.


19 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yonena za makina ija ndalandira. Mandimu abereka. Koma ija ndinakulembera pa 5 sunayankhe.

Mawu a abambo ako sakumvekanso. Ndimatsegula zenera m'mawa, kuli zii. Ndimangomva ana akung'ung'udza ngati njuchi. Iwe sudziwa, koma ine nyumba ino ndimaiyendetsa ndi mawu amenewo. Akayamba matebulo ndimatereka nyemba. Akafika pa kuwerenga ndimathira mchere. Akati "Tsekani mabuku" ndimayala patebulo. Sabata ino ndapsereza poto kawiri, ndili chiimire pomwepo.

Amapita, amabwera, amadya, amati zikomo. Ndikafunsa amati palibe kanthu, ndipo ngakhale zimenezo amanena motsitsa moti ndimachita kuweramira.

Poyamba ndinkalira. Tsopano ayi. Ndimangotsuka poto.

Mayi ako.


27 Febuluwale

Amayi,

Moni nonse. Kalata ya pa 5 imene mukunenayo sinafike kuno, ndalandira yaifupiyi yokha. Mwandiopsa. Ndinaimba foni dzulo, Abambo anangoti "Tili bwino" n'kudula, ndipo ndamvadi kuti mawu achepa.

Ndafunsa wa pasitolo ya mankhwala, akuti limeneli ndi fumbi la choko, aphunzitsi akale onse amatero. Ndatumiza mankhwala oyamwa ndi botolo la akumwa. Muwonjezere mandimu anuwo m'madzi ofunda. Akakana mukawanenere kwa Ahedi, awalembe m'gulu la ana osamvera.

Komatu taonani mmene zinthu zimadzikonzera zokha. Munthu amakana kuti ana aziyankhula, lero pakhosi pamukaniza yekha. Apa ndiye aona ubwino wa njira ya Achemwali: ana aziyankhula, iwo azipumitsa kholingo. Ndinakuuzani kuti musade nkhawa.

Za potoyo, ndidzabwera ndi wotchi ya pakhoma.

Mwana wanu.


6 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Mankhwala ako ndawaona pa kabati, sanatsegulidwe. Abambo sakudwala. Amayi akuti kalata yawo ina sinakupeze, choncho ikadzafika udzawerenga wekha za Lamlungu lija. Ine ndikuuze zimene zinachitika mawa lake.

Anabwera ku ofesi, n'kugogoda. Abambo, kugogoda. Anaima mpaka nditawauza kuti akhale. Anapempha chilolezo choti tsiku limenelo asaphunzitse. Anatenga mpando n'kukhala panja pa chitseko cha kalasi, n'kumaitana ana mmodzimmodzi. Aliyense amamuonetsa liwu limodzi pa pepala ndi kumufunsa samu imodzi. Ine ndinali pakhonde la ofesi. Amene anayankha sanakwane theka. Ena amangoyang'ana chitseko, kudikira kuti anzawo ayambe nyimbo. Abambo sanakalipire mwana aliyense. Aliyense amamuuza kuti, "Zikomo, itana mnzako."

Ataweruka ana, anakoka madesiki okha n'kuwaika m'magulu. Ndinafuna kugwira mbali ina, anati, "Musavutike, Ahedi." Kenako anapempha buku la njira yatsopanoyo.

Tsopano akulitsata mzere ndi mzere. Ndipo ndikuuze zoona, zikuyenda. Kuli kamtsikana kena kamene sindinkadziwa mawu ake, dzana ndinakapeza kakutsutsa anyamata pa samu. Aphunzitsi ena ataona kuti a Bwerezani agonja, asiya zopotoza ana makosi. Ku maphunziro anatiuza zimenezi: pezani mphunzitsi amene anzake amamulemekeza, akatembenuka yekhayo ena onse atsatira. Zachitikadi. Chimene sanatiuze n'chakuti munthuyo ukamutembenuza umamubwezera bwanji kunyumba.

Ndinawauza kuti bukulo silinaletse mphunzitsi kukhala ndi mawu. Anati, "Tsamba lachitatu likuti mphunzitsi ayankhule pang'ono." Ndinawapempha kuti aziphunzitsa aphunzitsi achinyamata kalembedwe ka pabolodi, poti palibe amene amawaposa. Anati, "Mukalamula ndichita." Ndinati sindikulamula, ndikupempha ngati mwana wanu. Anayang'ana wotchi.

Sindikunena kuti ndinalakwa. Ana aja amayenera kudziwa kuwerenga, ndipo ndikanati ndiyambirenso, madesikiwo ndikanawatembenuzabe. Koma funso lija sindikanawafunsa Amayi. Ndapambana, mlongo wanga, ndipo kupambanako kukumveka ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ukautsina sumva.

Usamangotumiza zinthu. Bwera.

Chemwali wako.


12 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Mankhwala ndalandira, zikomo. Pakhosi palibe vuto.

Ndili ndi funso limodzi. Naini kuchulukitsa ndi seveni. Usagwire makina, usafunse munthu. Yankho ndikulidziwa, si limene ndikufuna. Undilembere zoona: unayankha nthawi yomweyo, kapena unayamba waimba kuchokera kumutu?

Bambo ako.


20 Malichi

Abambo,

Moni. Kalata yanu yafika tsiku limodzi ndi ya Amayi ya pa 5 Febuluwale. Inakalowa m'bokosi la sitolo yoyandikana nafe, yakhala kumeneko nthawi yonseyi. Ndawerenga zonse ziwiri. Za mankhwala zija ndi nthabwala zanga, mundikhululukire.

Ndinafuna kunama, koma inu mumagwira bodza ngakhale pa pepala.

Ndinaimba, Abambo. Ndinayambira pa naini wani naini. Ndinafika, koma ndinaimba. Ndinali pakauntala, kasitomala akundiyang'ana.

Sindikudziwa ngati zimenezi n'zimene mumafuna kumva. Tchuthi abwana akana, akuti mwina mwezi wamawa.

Mwana wanu.


29 Malichi

Mwana wanga mzime,

Moni. Kaya uli bwanji. Kuno tilipo. Wotchi ija usagule, mlongo wako wandikhomera yake ya ku ofesi pamwamba pa zenera. Poto sakupsereranso.

Kalata yako abambo ako anawerengera chiimire pakhomo. Anaipinda n'kuika m'thumba la malaya. Ndinafunsa kuti mwana akuti chiyani, anati, "Akuti ali bwino."

Alangizi anabwera Lachitatu, bambo ndi mayi, pa galimoto yoyera. Ine ndinali pa zenera. Makalasi ena amangolowa n'kutuluka, koma mwa abambo ako anakhalitsa. Ndinati basi, akuwachotsa. Ndinayembekezera kuti mtima ugunda monga umachitira, koma sunagunde. Ndinapitiriza kupukuta kapu imodzi yomweyo.

Sanawachotse. Mkazi wa mphunzitsi wa kalasi yachisanu anabwera akuthamanga kudzandiuza. Akuti pamsonkhano mayi mlangiziyo anaimiritsa abambo ako pamaso pa onse n'kunena kuti, "Onani mphunzitsi wachitsanzo. Phunziro lonse sanayankhule mawu ambiri, ana okhaokha. Mwa aphunzitsi akale sitinaonepo womvetsa chonchi." Akuti akufuna aziwatenga kupita nawo ku sukulu zina, akaonetse okalamba anzawo amene akuvuta. Anawajambula chithunzi ataima pakati pa madesiki. Onse anaomba m'manja, ngakhale aja ankati limbikani akulu. Abambo ako anati zikomo.

Madzulo ake mlongo wako anabwera kukhitchini. Anakhala pa kampando kako kaja osavula nsapato. Ndinamupatsa madzi.

Anati, "Zatha bwino, Amayi. Sukulu yathu aiyamikira."

Ndinati, "Eya, ndamva."

Anati, "Ndiye bwanji…" Sanamalize. Anamwa madziwo n'kupita.

Aliyense amene ndakumana naye akundipatsa mafuno abwino. Ndimayankha kuti zikomo. Zimene ndinkaopa sizinachitike, ndiye sindikudziwa kuti tsopano ndiziopa chiyani. Ndimadzuka, ndimasesa, ndimayang'ana wotchi. Zenera ndimatsegulabe, dzanja linazolowera.

Chinthu chimodzi chokha ndikuuze. Dzulo ndinali patebulo ndikusankha nyemba. Abambo ako anabwera n'kukhala moyang'anizana nane, chimene sachita. Anatenga thireyi ya tiyi, n'kuyamba kuikapo nyemba imodziimodzi, m'mizere. Ndinaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, ndinatsala pang'ono kukaitana mlongo wako.

Anati, "Mizereyi ilipo ingati?"

Ndinati sikisi.

"Mumzere uliwonse?"

Ndinati seveni.

"Werengani zonse. Musaimbe."

Ndinawerenga ndi chala. Fote-thuu. Anatembenuza thireyi ija chammbali, osakhudza nyemba ngakhale imodzi.

"Tsopano mizere ilipo ingati?"

Inali seveni, mumzere uliwonse sikisi. Ndinati, "Koma bambo, si nyemba zomwe zija?"

Anandiyang'ana. Anati, "Zomwezo." Kenako anati, "Zaka zonsezi munali pa zenera apa. Mapazi angati kuchokera pa bolodi?" Sindinadziwe ngati amafunsa ine.

Ndiye anabwezera thireyi mmene inalili, n'kunena kuti, "Bwerezani." Ananena motsitsa, moti ukanakhala pakhomo sukanamva.

Ndinabwereza. Kenako nyembazo ndinaziphika.

Ndine mayi ako.